Zida Zachilendo za Magemu ndi Anthu Amene Zinapangidwira

Makina ochitira magemu a pa TV amagulitsidwa ndi chowongolera chogwira m'manja, chimene achinyamata ambiri amati padi. Kuwonjezera pa padiyo, makampani akhala akupanga zida zina zolumikiza ku makinawo: mfuti zapulasitiki, mphasa zovinirapo, magitala opanda nsambo, masikelo, makamera, ngakhale makina osokera zovala. Zina zimapangidwira anthu ozolowera kale kusewera, monga chiwongolero cha okonda magemu a mpikisano wa magalimoto. Koma zachilendo kwenikweni zinapangidwira anthu amene sasewera n'komwe: makolo, agogo, ana aang'ono, odwala ndi anthu aulumali. Mbiri ya zida zoterezi yatenga zaka pafupifupi 40, ndipo muli zambiri zoti wachinyamata atolemo, kaya ndi wogula, wosewera, kapena wolakalaka kudzakhala mmisiri wa zamagetsi.

Gwero la nkhani yonse ndi padi yomweyo. Padi ya makina a NES a kampani ya Nintendo, a m'zaka za m'ma 1980, inali ndi kamtanda kolozera mbali zinayi ndi mabatani anayi basi. Ya masiku ano ili ndi mabatani oposa khumi ndi timitengo tiwiri toyendetsa ndi zala zazikulu. Mwana amene anakula nayo saona chovuta, chifukwa zala zake zinaphunzira iye asanazindikire. Munthu wamkulu akaigwira koyamba amayang'ana m'manja m'malo moyang'ana pa TV, amaphonya, ana n'kumuseka, iye n'kuibweza akunena kuti zimenezi n'zachibwana. Kawirikawiri sikuti gemuyo waida. Chamukanika ndi chida. Achinyamata oseka munthu wotero adziwe kuti makampani akuluakulu anawononga ndalama zankhaninkhani pofunafuna njira yoti munthu ameneyo asabweze padi.

Chida choyamba kutchuka pa ntchitoyi sichinkanyengerera agogo, koma eni masitolo. Mu 1983 msika wa magemu ku America unagwa. Masitolo anadzaza ndi magemu opangidwa mwachisawawa, anthu anasiya kugula, ndipo kampani ya Atari inafika pokwirira katundu wake wosagulidwa kudzala la ku Alamogordo, m'chigawo cha New Mexico. Ogulitsa sanafunenso kumva za magemu. Pamene Nintendo inabweretsa makina ake ku New York mu 1985, inaika m'bokosi kaloboti kotchedwa R.O.B. Kalobotika kanali ndi maso olandira malamulo kuchokera ku kuthwanima kwa TV, ndipo kankanyamula tinguli n'kumatiika pa mabatani. Kankachedwa kwambiri, ndipo magemu opangidwira iko anali awiri okha, Gyromite ndi Stack-Up. Komabe ntchito yake kanaigwira. Ogulitsa ndi makolo anaona chidole chamakono, osati makina a magemu aja amene anali atawagwiritsa fuwa lamoto. Makinawo atalowa m'nyumba, ana anakankhira kalobotiko pambali n'kuyamba kusewera Super Mario Bros.

Choncho wachinyamata akaona chida chochititsa kaso m'bokosi, azidzifunsa kuti chaikidwamo kuti chikope ndani, wosewera kapena wotulutsa ndalama. Funsoli likadafunsidwa mu 1989, ambiri sakadagula Power Glove, gulovu yamagetsi ya kampani ya Mattel. Inaonekera mu filimu ya The Wizard chaka chomwecho, ndipo ana amene anaiona anakhulupirira kuti azingogwedeza dzanja m'malere gemu n'kumamvera. Gulovuyo inkatulutsa kamawu kosamveka ndi khutu la munthu, ndipo tizida titatu toikidwa m'mbali mwa TV tinkakamva n'kuwerengera pamene dzanja lili. Pa zala zinayi panali timizere tozindikira kuti chala chapindika. Nzeru yake inali yabwino, koma inkaphonya kawirikawiri, mkono unkatopa, ndipo munthu ankayamba walowetsa manambala pa mabatani a pamkono kuti gulovuyo igwirizane ndi gemu. Magemu akeake anatuluka awiri okha, ndipo posakhalitsa inasiya kupangidwa. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Otsatsa malonda amaonetsa mphindi imodzi imene chida chamvera. Maola ena onse amakhala nacho ndi wogula.

Munthu amene anaiganizira nkhaniyi mozama kuposa anzake ambiri ndi Gunpei Yokoi. Nintendo inayamba mu 1889 mumzinda wa Kyoto ikupanga makadi osewerera, ndipo Yokoi analembedwa ntchito mu 1965 kuti azikonza makina a m'fakitale. Mkulu wa kampaniyo, Hiroshi Yamauchi, anamupeza ali ndi kadzanja kotambasuka kamene anadzipangira pongocheza, ndipo anamulamula kuti akasandutse malonda. Zidole zimenezo, zotchedwa Ultra Hand, zinagulidwa zoposa miliyoni imodzi. Mfundo ya Yokoi inali yakuti mmisiri asathamangire luso latsopano lodula, koma atenge luso lakale, lotsika mtengo ndi lodziwika bwino, n'kulipezera ntchito imene anthu sanaiganizirepo. Game Boy yake ya mu 1989, makina a magemu onyamula m'manja, inali ndi sikirini yopanda mitundu pamene opikisana nayo anali ndi yamitundu, koma inali yotchipa, yolimba, ndipo mabatire ake ankakhalitsa. Onsewo inawasiya kutali. Wachinyamata amene amadandaula kuti sangapange kanthu chifukwa alibe zida zamakono aganizire bwino za wokonza makina ameneyu.

Game Boy itafala, anthu anayamba kuilumikiza ku zinthu zosayembekezeka. Mu 1998 kunatuluka kakamera kojambula zithunzi zotuwa, pamodzi ndi kamakina kozisindikiza pa timapepala tomata. Chaka chomwecho kampani ya Bandai inagulitsa ku Japan chida chotchedwa Pocket Sonar: msodzi ankaponya kachinthu koyandama pamadzi, Game Boy n'kumamuonetsa nsomba zimene zili pansi mpaka kuya kwa mamita 20. Cha m'ma 2000 kampani ya Singer inagulitsa makina osokera otchedwa Izek, amene ankalandira mapatani ndi zilembo zopeta kuchokera ku Game Boy Color. Pa zida ziwiri zomalizazi gemu sinali nkhani. Game Boy inkangogwira ntchito ya kompyuta yotchipa imene inalipo kale m'nyumba zambiri.

Chogwira mtima kwambiri pa gulu limeneli ndi chopimira shuga m'magazi. Bambo wina wa ku America, Paul Wessel, anaona kuti mwana wake wodwala matenda a shuga ankasokoneza chopimira chake kawirikawiri, pamene Game Boy yake sankaisiya patali. Anapanga chopimira cholowa mu Game Boy Advance, chotchedwa Glucoboy, chimene chinkapatsa mwana mapointi a gemu akamapima magazi pa nthawi yake. Kenako kampani ya Bayer inatenga nzeruyo n'kutulutsa Didget ya makina a Nintendo DS. Bamboyu sanayambe ndi kufunsa chimene makina angathe. Anayamba ndi kuyang'anitsitsa mwana wake, ndipo umo ndi mmene ntchito yabwino imayambira. Koma Didget inkalowa pa kabowo kapansi ka DS, ndipo mtundu watsopano wa makinawo, DSi, pamodzi ndi mitundu yotsatira, inapangidwa yopanda kabowoko. Chida chimene moyo wake wadalira makina a kampani ina chimatha tsiku limene eni makinawo asintha maganizo, ngakhale chikhale chothandiza chotani.

Zida zimene zinakopadi anthu atsopano zimafanana pa chinthu chimodzi: zimapempha thupi kuti lichite zimene limadziwa kale. Kuponda pansi, kuimba ndi kuomba ng'oma sizilira sukulu. Mu 1998 kampani ya Konami inatulutsa ku Japan gemu ya Dance Dance Revolution, yosewera ndi mapazi pa mivi inayi yoloza kutsogolo, kumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Nyimbo ikamalira mivi imakwera pa sikirini, wovina n'kumaponda muvi woyenera pa nthawi yake. Mphasa zake zapulasitiki zinalowa m'nyumba za anthu, ndipo mu 2006 chigawo cha West Virginia ku America chinalengeza kuti chiika gemuyi m'masukulu ake onse aboma, okwana 765, polimbana ndi kunenepa kwa ana. Ku Ulaya, nthambi ya Sony ya ku London inatulutsa kamera ya EyeToy mu 2003 ndi maikolofoni a SingStar mu 2004. Chaka chotsatira kunabwera Buzz!, gemu ya mafunso yopatsa wopikisana aliyense batani lalikulu lofiira. Zida zimenezi zinachotsa makina a Sony a PlayStation 2 kuchipinda kwa mnyamata n'kuwaika pabalaza, pomwe alendo, azakhali ndi ana ankatha kulandirana.

Guitar Hero ya mu 2005, ya makampani a Harmonix ndi RedOctane, inapatsa munthu gitala yapulasitiki ya mabatani asanu amitundumitundu. Munthu amene sanagwirepo gitala ankadzimva ngati katswiri pamaso pa chinamtindi cha anthu. Rock Band ya mu 2007 inawonjezerapo ng'oma ndi maikolofoni, banja lonse n'kukhala bandi. Ndalama zitayamba kulowa, kampani ya Activision, imene inagula RedOctane mu 2006, inasefukiza msika. M'chaka cha 2009 chokha inatulutsa mitundu ingapo ya gemuyi, ina yokhala ndi zida zakezake, pamene m'nyumba za anthu munali mutadzaza kale magitala apulasitiki. Malonda anagwa, ndipo mu 2011 kampaniyo inaimitsa ntchitoyo. Dyera linapha chinthu chimene anthu ankachikondadi. Palinso china choti achinyamata achimvetse: gitala ya mabatani imazoloweretsa munthu kusunga mayendedwe a nyimbo ndipo imadzutsa chilakolako choimba, koma siphunzitsa zala kugwira nsambo. Amene chilakolako chake chadzuka asakhutire ndi mabatani asanu. Apeze gitala yeniyeni ndi munthu womuphunzitsa.

Palibe kampani imene inalondola anthu osasewera mwakhama ngati Nintendo pa nthawi ya Satoru Iwata, amene anaitsogolera kuyambira 2002 mpaka imfa yake mu 2015. Iye ankaona kuti magemu akunka navuta ndipo anthu akuwasiya. Cholinga chimene ankachibwereza chinali kuchulukitsa osewera posayang'ana msinkhu, posasiyanitsa amuna ndi akazi, ndiponso posafunsa ngati munthu anasewerapo kale. Makina a Wii a mu 2006 anali ofooka powayerekeza ndi PlayStation 3 ndi Xbox 360, koma chowongolera chake chinaumbidwa mofanana ndi rimoti ya TV, chinthu chimene aliyense m'nyumba anachigwirapo. M'kati mwake munali kachida komva kugwedezeka, ndipo kunsonga kwake kunali kakamera koona kuwala kosaoneka ndi maso kochokera ku kandodo koikidwa pamwamba kapena pansi pa TV. Kandodoko pakokha sikamva kanthu. Kamangowala m'nsonga zake ziwiri, moti makandulo awiri oyatsidwa motalikirana pang'ono amatha kugwira ntchito yake. Apa mfundo ya Yokoi ikuonekera poyera. Pa gemu ya Wii Sports, wosewera tenesi ankangokupiza dzanja monga achitira pomenya mpira, ndipo wobwera kumene ankamvetsa poonera mnzake kamodzi kokha. M'nyumba zosamalira okalamba ku America ndi ku Britain munayamba mipikisano ya gemu yogwetsa zipilala ndi mpira. Makinawa anagulidwa oposa 101 miliyoni. Ena ankakupiza mwamphamvu mpaka kachingwe ka pamkono kuduka, rimoti n'kukaswa TV, moti mu Disembala 2006 kampaniyo inalonjeza kusintha tizingwe 3.2 miliyoni.

Chaka chotsatira kunabwera chida chimene ambiri sakadachiganizira kuti chingakhale choseweretsa. Shigeru Miyamoto, amene anapanga Mario, anali ndi chizolowezi chodzipima pa sikelo tsiku ndi tsiku n'kumalemba zotsatira. Pa chizolowezi chimenecho panabadwa Wii Fit, imene inatuluka ku Japan mu Disembala 2007 pamodzi ndi bolodi loyera loimapo. M'makona anayi a bolodilo muli tizida topima kulemera, ndipo makina akayerekeza zimene tonse tinayi tikunena amadziwa mbali imene munthu wapendekera. Ndi sikelo chabe, koma yopatsidwa ntchito yatsopano. Mabolodi oposa 30 miliyoni anagulidwa, ambiri ndi anthu amene sankadziwerengera m'gulu la osewera magemu. Achipatala nawo anachita nalo chidwi. Mu 2010 ofufuza a pa yunivesite ya Melbourne ku Australia anapeza kuti bolodili limapima kukhazikika kwa munthu akaimirira mofanana kwambiri ndi makina odula a m'malabotale.

Pamenepa m'pofunika kuyenda mosamala, chifukwa chida chikangotchulidwa pamodzi ndi thanzi anthu amafulumira kuchikhulupirira. Mu 2012 magazini ya madokotala a ana ya Pediatrics inafalitsa kafukufuku wochitikira ku Houston. Ana ena anapatsidwa magemu a Wii ofuna kudumpha ndi kuvina, ena anapatsidwa magemu osewera atakhala pansi, ndipo onse anasiyidwa kuti azisewera kunyumba mmene afunira. Patatha pafupifupi miyezi itatu, panalibe kusiyana pa kuchuluka kwa mmene magulu awiriwo ankagwiritsira ntchito matupi awo. Kukhala ndi chida m'nyumba sikusintha khalidwe la munthu. Mu 2016 magazini ya The Lancet Neurology inafalitsa kafukufuku wa odwala sitiroko 141 a ku Canada, Argentina, Peru ndi Thailand. Pa chithandizo chawo cha nthawi zonse, ena anawonjezeredwa Wii, ena anawonjezeredwa makadi, bingo, Jenga ndi masewera a mpira. Magulu onse awiri anapeza bwino mofanana. Izi sizinyoza Wii, koma zikuonetsa kuti mphamvu ili pa kubwerezabwereza kugwiritsa ntchito dzanja lofookalo m'njira yosatopetsa mtima. Banja limene lili ndi wodwala wotere koma lilibe makina lisadzione loperewera. Mdzukulu wokhala pansi ndi agogo ake n'kumasewera nawo bawo kapena makadi, motsatira malangizo a achipatala, akugwira ntchito ya mtundu womwewo.

Wii itachita bwino, aliyense anafuna kutapako. Nintendo yomweyo inaonetsa mu 2009 kachida kopana chala n'kumamva kugunda kwa mtima, kotchedwa Vitality Sensor, koma sikanagulitsidwe. Mu 2013 Iwata anafotokoza kuti kankagwira bwino ntchito pa anthu pafupifupi 90 mwa 100 alionse, ndipo kwa iye zimenezo sizinali zokwanira. Kubweza chinthu chimene chalengezedwa kale pagulu kumafuna mtima wolimba, ndipo n'kwaulemu. Kampani ya THQ inachita mosiyana. Kabolodi kake kojambulirapo zithunzi, uDraw, kanagulidwa bwino pa Wii mu 2010. Kenako inapangira eni PlayStation 3 ndi Xbox 360 tambirimbiri, ndipo pafupifupi 1.4 miliyoni tinatsalira m'nyumba zosungiramo katundu. Kumapeto kwa 2012 kampaniyo inagwa ndi ngongole, ndipo uDraw inali chimodzi mwa zimene zinaigwetsa.

Microsoft inabwera mu Novembala 2010 ndi Kinect, kamera yochotseratu chowongolera m'manja. Inkawaza timadontho tambirimbiri ta kuwala kosaoneka m'chipinda, n'kumawerengera kutalikira kwa chinthu chilichonse poona mmene timadonthoto tagwera. Luso limeneli linachokera ku kampani ya ku Israel ya PrimeSense. M'masiku 60 oyamba makamera 8 miliyoni anagulidwa. Koma Kinect inkafuna chipinda chachikulu, inkachedwa kumva, ndipo magemu okhalitsa anachepa. Mu 2013 Microsoft inaimangirira ku makina atsopano a Xbox One, mtengo n'kufika pa madola 499 pamene PlayStation 4 inali pa 399. Anthu ankadanso nkhawa ndi kamera ndi maikolofoni zokhala pabalaza usana ndi usiku, ndipo nkhawa imeneyo n'njoyenera pa chida chilichonse choona ndi kumva cholumikizidwa ku intaneti. Mu 2014 kampaniyo inayamba kugulitsa makinawo popanda Kinect, ndipo mu 2017 inasiya kuipanga. Komabe kunja kwa magemu inakhala ndi moyo wina. Ophunzira ndi amisiri a maloboti anaipeza yotchipa, ndipo madokotala a pachipatala cha Sunnybrook ku Toronto anaigwiritsa ntchito posuntha zithunzi za wodwala ali m'kati mwa opaleshoni, osakhudza kompyuta ndi manja. Apple inagula PrimeSense mu 2013, ndipo luso lofanana nalo ndi limene mafoni ena a iPhone amazindikirira nkhope ya mwini wake.

Mu 2018 Nintendo inagulitsa makatoni. Bokosi la Labo linali ndi mapepala olimba odulidwa kale, oti mwana apinde n'kupanga piyano ya makiyi 13, ndodo yowedzera nsomba, zogwirira za njinga yamoto ndi kanyumba, kenako n'kulowetsamo zowongolera za makina a Switch. Kakamera ka m'chowongolera kankaona timapepala tonyezimira tomatidwa kumbuyo kwa makiyi, n'kudziwa kiyi imene yadinidwa. Mwana ankatha kusuzumira m'kati n'kuona yekha mmene chinthucho chikugwirira ntchito. Ana amene amapinda mawaya n'kupanga magalimoto oyenda ndi chiwongolero chachitali amachidziwa kale chisangalalo chimenechi: kupanga choseweretsa ndi mbali yaikulu ya masewerawo. Labo sinagulidwe ngati Wii Fit, chifukwa mabanja ambiri akamaliza kupinda ankaona ngati ntchito yatha. Ring Fit Adventure ya mu 2019, mkombero wofinya ndi manja womangidwa pa gemu yaitali ya ulendo, inagulidwa yoposa 15 miliyoni, ndipo inasowa m'masitolo pa nthawi ya Covid-19.

Gulu limene linadikira nthawi yaitali ndi la anthu aulumali. Bungwe la World Health Organization limawerengera kuti anthu pafupifupi 1.3 biliyoni, kapena 16 mwa 100 alionse pa dziko lapansi, ali ndi ulumali waukulu. Ambiri mwa iwo sankafuna kunyengereredwa ndi chidole. Ankafuna kusewera magemu omwewo amene anzawo akusewera, koma padi inapangidwira manja awiri ndi zala zamphamvu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Nintendo ya ku America inapanga Hands Free, chowongolera chomangidwa pachifuwa, choyendetsedwa ndi chibwano, chokhala ndi kapaipi kopuziramo ndi kukokera mpweya m'malo mwa mabatani awiri. Chinkapezeka poitanitsa kukampani, osati m'masitolo. Kwa zaka zambiri pambuyo pake ntchitoyi inatsalira m'manja mwa makolo, anthu ongodzipereka ndi mabungwe monga AbleGamers ku America ndi SpecialEffect ku Britain, amene ankaphwasula mapadi n'kuwalumikizanso mogwirizana ndi thupi la munthu mmodzimmodzi.

Mu Seputembala 2018 Microsoft inatulutsa Xbox Adaptive Controller pa mtengo wa madola 99.99, itagwira ntchito ndi mabungwe omwewo komanso Cerebral Palsy Foundation, chipatala cha Craig ndi gulu lothandiza asilikali ovulala la Warfighter Engaged. Ndi kabokosi kafulati kokhala ndi mabatani awiri akuluakulu, odinika ndi chibakera, chigongono kapena phazi. Chuma chake chenicheni chili kumbuyo, komwe kuli mabowo 19 a mtundu uja wolowetsamo mahedifoni, bowo lililonse loimira batani limodzi la padi. Munthu amalumikiza batani lakunja n'kuliika pamene thupi lake lingafike, kaya pafupi ndi bondo, tsaya kapena mutu. Amisiriwo sanayese kulosera matupi onse a anthu. Anasiya malo oti mwini thupi asankhe. Ngakhale bokosi logulitsiramo linaikidwa timalupu tokokera, chifukwa eni ake ananena kuti atopa kutsegula katundu ndi mano. Zotere sizidziwika pokhala mu ofesi. Zimadziwika pofunsa, ndipo wofunsidwayo ayenera kukhala mwini vuto, osati womuyankhulira. Sony inatulutsa chake, Access, mu Disembala 2023.

Mabatani akunjawo amagulidwa paokha ndipo ena ndi odula. Koma batani lotere, m'kati mwake, ndi mawaya awiri amene amakhudzana munthu akadina. Wachinyamata amene waphunzira kukonza mafoni kapena mawailesi, ndipo amadziwa kuwotcherera mawaya, angathe kulipanga ndi kachingwe ka hedifoni yakale. Luso limeneli silithera pa magemu, popeza mabatani a mtundu womwewo ndi amene amayendetsa zida zina zothandizira anthu olumala kuyankhula ndi kugwiritsa ntchito kompyuta. Makina ena alinso ndi njira yoti mapadi awiri agwire ntchito ngati imodzi, kuti m'bale athandize pa mabatani ochepa okha amene mnzake sangawafike. Wothandizayo asalande gemu.

Zambiri mwa zida zimene zatchulidwazi masiku ano zimapezeka zogwiritsidwa kale ntchito, zotumizidwa ndi achibale kapena zobwera ndi katundu wakunja, ndipo pali zoyenera kuyang'ana ndalama isanatuluke m'thumba. Magetsi a ku Japan ndi a mavoti 100, a ku America ndi 120, pamene a ku Malawi ndi ku Zambia ndi 230; wogula ayambe wawerenga zolembedwa pa adaputa, chifukwa ina imapsa ikangolowa pa soketi. Wii ya ku America siwerenga madisiki a ku Ulaya kapena a ku Japan. Kusewera pa intaneti kwa Wii kunatsekedwa mu 2014 ndipo sitolo yake ya pa intaneti inatsekedwa mu 2019, choncho zimene sizili pa disiki kapena m'makinamo sizingagulidwenso kumeneko. Mfuti ya NES ndi kaloboti kaja zimagwira ntchito pa TV zakale zokha, zija zazikulu kumbuyo, osati pa zafulati. Kinect ya Xbox 360 silowa pa Xbox One, ndipo makina a Xbox Series sailandira konse. Magitala ambiri opanda nthambo a PlayStation amafuna kachida kolowetsa pa USB, kamene kamasochera kawirikawiri ndipo n'kovuta kukapeza pakokha. Bolodi la Wii Fit limanyamula munthu wosapitirira makilogalamu 150 ndipo limayendera mabatire anayi. Mabatire akasiyidwa m'katimo kwa zaka amatuluka madzi n'kudya tizitsulo, choncho wogula atsegule chivindikiro, ayang'ane ngati mulibe dzimbiri, ndipo apemphe kuti chidacho chilumikizidwe ndi kuyesedwa iye akuona.